Mmene kampani yomanga ya antchito eni ake ingathandizire anthu a m'dera osasiya ntchito panjira

Pakampani ya munthu mmodzi, bwana akafuna kupereka matumba a simenti kusukulu amangouza wa kusitolo kuti akweze pa lole, nkhani n'kuthera pomwepo. Pakampani imene masheya ake ali m'manja mwa antchito sizingatero. Thumba lililonse lotuluka mwaulere lachoka pa phindu limene kumapeto kwa chaka likanagawidwa kwa mmisiri wa njerwa, kalipentala, dalaivala, mlonda ndi wa muofesi. Wopereka weniweni ndi iwowo, ngakhale pachikwangwani palembedwe dzina la kampani. N'chifukwa chake kupatsa kwa kampani yotere kumafuna dongosolo lolembedwa, ndipo ntchito yaulere iyenera kuyendetsedwa ndendende ngati ntchito yolipidwa: pulani, muyezo wa zipangizo, kapitawo wake, tsiku lomaliza.

Makampani amtunduwu si achilendo pantchito yomanga. Ku Canada, PCL Construction inagulidwa ndi antchito ake mu 1977, ndipo ku America antchito a Burns & McDonnell anachita chimodzimodzi mu 1986. Ku America ambiri amayendera dongosolo la ESOP, lopatsa antchito masheya a kampani, limene linakhazikika ndi lamulo la ERISA la 1974, pamene ku Britain kuli Employee Ownership Trust, bungwe losunga masheya m'malo mwa antchito, kuyambira 2014. Kwina antchito amangopanga kopaletivi. Njira zokhalira eni ake zimasiyana, koma funso la pamsonkhano wa pachaka ndi limodzi: ndalama zathu zinapita kuti, ndipo anavomereza ndani?

Yambani ndi malire a ndalama

Musayambe ndi kufunsa kuti tithandiza ndani. Yambani ndi kufunsa kuti tingathe zingati. Muyezo wake ukhale pa phindu, osati pa ndalama zonse zolowa. Kampani yomanga imagwira ndalama zambiri zimene si zake: zimangodutsa kupita kwa ogulitsa simenti, zitsulo, mafuta ndi makontilakita ang'onoang'ono, n'kutsala kagawo kochepa. Komanso mwini ntchito amasunga kaye gawo la malipiro, kawirikawiri 5 kapena 10 pa 100, mpaka nthawi yoona zolakwika itadutsa. M'buku mumaoneka ngati muli ndi ndalama, kubanki kulibe.

Phindu la ntchito yomanga limadumphadumpha, choncho tengani la zaka 3 zapitazo, muphatikize, mugawe patatu. Tiyerekeze kuti munapeza 300 miliyoni, kenako 60 miliyoni, kenako 240 miliyoni, kaya ndi ndalama za dziko liti. Pakatikati pake ndi 200 miliyoni. Mukagwirizana zopereka 2 pa 100, thumba la chaka chino ndi 4 miliyoni. Mukanatengera chaka chabwino chokha mukanalonjeza 6 miliyoni, chaka choipa n'kusowa pogwira anthu akudikira. Kwa oyamba kumene, 1 pa 100 ndi yokwana. Kukweza n'kosavuta, kutsitsa kumapweteketsa mitima mbali zonse.

Thumbalo muligawe patatu. Gawo lalikulu, mwina 70 pa 100, lipite ku ntchito imodzi kapena ziwiri zokonzedwa bwino. 20 pa 100 ikhale ya zopempha zing'onozing'ono zobwera mkati mwa chaka. 10 pa 100 yotsalayo musaikhudze, ndi ya tsiku limene mphepo yasasula denga la chipatala kapena madzi akokolola mlatho wapansi. Chaka chikatha isanagwire ntchito, ipitirire ku chaka chotsatira.

Pali cholakwika chimene pafupifupi aliyense amachita: kuwerenga ndalama zokha, n'kuiwala kuti maola a anthu ndi makina nawonso ndi ndalama. Antchito 60 akapereka tsiku limodzi la maola 8, amenewo ndi maola 480 olipidwa amene sanabweretse kanthu. Katapila akapita kukasalaza bwalo la sukulu, pali mafuta, malipiro a woyendetsa, lole yomunyamula, kutha kwa makina, ndi ntchito ina imene yaima pomudikira. Zonsezi zilembedwe pamtengo wake weniweni ndipo zichotsedwe m'thumba lomwelo. Tsegulani nambala ya ntchito m'mabuku ngati mmene mumachitira ndi kontilakiti iliyonse, kuti msomali uliwonse wotuluka musitolo ukhale ndi kolembedwa.

Za msonkho, funsani akauntanti wanu musanapereke, osati mutapereka. M'mayiko ambiri chopereka chimachepetsa msonkho pokhapokha cholandiracho chili bungwe lolembetsedwa mwalamulo ndipo pali lisiti, komanso zipangizo ndi maola sizimawerengedwa mofanana ndi ndalama.

Osankha ndani

Sankhani komiti ya anthu 5 kapena 7, kuti mavoti asamalingane. Ambiri mwa iwo achokere kumalo omangira, osati muofesi. Mukhale mmodzi wodziwa kuwerengera zipangizo ndi mmodzi wa zachuma. Mkulu wa kampani akhoza kukhalamo, koma asakhale wapampando, chifukwa anthu savota motsutsana ndi munthu amene amasaina malipiro awo, ngakhale pamapepala onse ali eni ake ofanana. Azikhala zaka 2, ndipo azituluka mosinthana, theka chaka chino theka chaka chamawa, kuti komiti isamayambe pachabe.

Lamulo lofunika kwambiri ndi lakuti amene ali ndi chibale ndi pempho atuluke m'chipinda pokambirana. Sukulu ya mwana wake, mpingo wake, timu ya mpira ya mchimwene wake, zonsezi si zoletsedwa kupempha. Kunena zoona, mapempho abwino ambiri amabwera kudzera mwa antchito, chifukwa ndiwo amakhala m'maderamo ndipo amadziwa pamene pakudontha. Koma anene poyera, zilembedwe m'maminitsi, ndipo asavote. Mukalekerera izi kamodzi, chaka chotsatira mudzamva kuti thumba lija ndi la anthu a muofesi ndi abale awo, ndipo ngakhale zikhale zabodza simudzazifufuta.

Komiti izivomereza yokha zing'onozing'ono mpaka malire amene mwaika. Ntchito yaikulu ya pachaka ipite kwa eni ake onse kuti avote, komiti itasefa n'kusiya mapempho 2 kapena 3 okhala ndi mtengo wake.

Pali mphatso imene muyenera kuikana ngakhale ioneke yokoma bwanji: yopita ku bungwe, sukulu kapena mpingo wolumikizana ndi munthu amene akuweruza tenda yanu kapena kusainira ntchito yanu. Ikafika pamenepo si chifundo ayi, ndi chiphuphu chovala bwino. Malamulo monga Foreign Corrupt Practices Act ya ku America ya 1977 ndi Bribery Act ya ku Britain ya 2010 amatha kuona chopereka chotere ngati katangale, ndipo mabungwe akuluakulu olipira ntchito zomanga amachotsa kampani pamndandanda pazifukwa zoterezi. Chimodzimodzi zopereka za ndale. Eni ake ndi ambiri, zipani zawo n'zosiyana, ndalama zawo zisasankhe mbali.

Fomu ya tsamba limodzi

Aliyense wopempha alembe fomu yomweyo, yaifupi, yoti munthu wamba aimvetse. Ifunse kuti malo amene padzamangidwepo ndi a ndani ndipo umboni wake uli kuti, chinthucho chidzagwiritsidwa ntchito ndi anthu angati, opemphawo abweretsa chiyani, adzachisamala ndani kampani ikachoka, ndipo ndani ali ndi mphamvu yosaina m'malo mwa gululo. Funso lomaliza likhale lakuti kodi pali wina amene anayambapo ntchitoyi n'kuisiya, ndipo anasiyiranji.

Funso la zimene iwo abweretsa musalichite manyazi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Gulu limene lakonzeka kutunga madzi, kukumba maziko, kulondera zipangizo usiku kapena kututa mchenga ndi limene lidzasamale chinthucho. Habitat for Humanity, imene inayamba mu 1976 ku Georgia m'dziko la America, imafuna kuti olandira nyumba agwire nawo maola pomanga, ndipo nzeru yake ndi yomweyi. Koma muyang'ane mphamvu za opempha. Nyumba yosungira okalamba simungaiuze kuti iumbe njerwa.

Kaoneni ndi maso musanalonjeze

Atumeni awiri, mmodzi mmisiri, akaone malowo ndi tepi ndi levulo m'manja. Asakalonjeze kanthu. Mawu akuti "tiona zimene tingachite" opempha amawamva ngati "tavomera", choncho anene momveka kuti abwera kudzayeza basi ndipo yankho lidzabwera pakalata pofika tsiku lakutilakuti.

Akafike aone ngati lole ingafike nyengo ya mvula, madzi osakanizira konkire ali patali bwanji, madzi a mvula amayenda kulowera kuti, nthaka ndi yolimba kapena ndi dothi lofufuma likanyowa, ndipo pansi padutsa mapaipi kapena mawaya. Ngati ndi kukonza nyumba yakale, akwere m'denga aone mitengo. Nthawi zambiri pempho limati "tikufuna malata atsopano", koma mukabaya phaso ndi msomali n'kulowa ngati mu mkate, chiswe chinadya kale, ndipo ntchito yakula kawiri. Khoma lokhala ndi mng'alu wokula chokwera kapena wodutsa mopingasa m'njerwa likunena za maziko, osati za pulasitala. Pamenepo itanani injiniya, kapena kanani.

Chilolezo chomangira sichikhululuka chifukwa ntchito ndi yachifundo. Ngati lamulo la kumaloko likufuna pulani yovomerezeka, itengedwe ntchito isanayambe, ndipo zilembedwe kuti akatenge ndani.

Sankhani chimene mungamalize

Chigumula cha holo chofika pawindo, chomera udzu mkati, chimawononga dzina la kampani kuposa kusapereka kanthu. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kwa kampani yapakatikati, ntchito zabwino ndi zotha pa sabata imodzi mpaka 4: zimbudzi, njira yotsetsereka ya oyenda pa njinga ya olumala, kukonza denga, ngalande, nsanja ya thanki ya madzi, pansi pa kalasi. Ziikeni nthawi imene kampani ilibe ntchito yothina, apo ayi kontilakiti yolipidwa ikafika pothina amisiri onse adzachotsedwa pantchito yaulere, ndipo sadzabwererako.

Tiyeni tione njira yotsetsereka ija bwinobwino, chifukwa ndi imene imapemphedwa kawirikawiri ndiponso imene imalakwika kawirikawiri. Muyezo wodziwika ndi wakuti pa sentimita 1 iliyonse yokwera pakhale masentimita 12 a kutalika. Khonde likakhala masentimita 45 kuchokera pansi, njirayo italike mamita 5.4. Anthu ambiri akaona kutalikako amati malo achepa, n'kuidula mpaka mamita 2. Zotsatira zake munthu wa pa njinga sangakwere yekha, ndipo potsika imamuthawitsa. Malo akachepa, ikhoteni motsatira khoma, ndipo pokhotapo pakhale pafulati. M'lifupi ikhale mamita 1.2. Pamwamba, pakhomo, pakhale malo afulati a mamita 1.5 mbali zonse, kuti munthu athe kutsegula chitseko njinga isakubwerera m'mbuyo. Ikapitirira mamita 9, ikani popumira pakati. Chitsulo chogwirira chikhale pafupifupi masentimita 90 kuchokera pansi, mbali zonse ziwiri, ndipo m'mphepete mukhale kamzere kokwera masentimita 5 mpaka 10 kuti tayala lisagwere kunja. Pansi pamene njira yakumana ndi nthaka pasakhale kasitepe. Ka masentimita 3 kokha kamaimitsa timatayala ta kutsogolo.

Ndipo yezani chitseko. Zimachitika kuti njira yamangidwa bwino, koma khomo ndi la masentimita 70, njinga osalowa. Pamafunika mpata wa masentimita 80 kapena kuposa chitseko chili chotsegula.

Kuwerengera kwake n'kotere. Konkire wokhuthala masentimita 10 pa mamita 5.4 ndi 1.2 ndi makyubiki mita 0.65, ndipo malo afulati aja ndi 0.23. Pamodzi ndi 0.88, muwonjezere 10 pa 100 ya zotayika, mwafika pafupifupi kyubiki mita imodzi. Pa kasakanizidwe ka 1:2:4 (muyezo 1 wa simenti, 2 ya mchenga, 4 ya kwale), zimenezi ndi matumba 7 a simenti a makilogalamu 50, mawilibala 7 a mchenga ndi mawilibala 14 a kwale, wilibala yodzaza mongofika m'milomo. Izi ndi za pamwamba pokha, timakoma ta m'mbali ndi dothi lothira mkati muwerengere padera. Dothilo lithiridwe masentimita 15, lipondedwe, kenako ena 15. Mukalikhuthula lonse kamodzi, pakatha mvula imodzi pansi pamakhala mphako ndipo konkire amasweka pakati. Madzi asapitirire malita 25 mpaka 28 pa thumba la simenti. Anthu ongothandiza amakonda kuwonjezera madzi kuti fosholo ipepuke, ndipo konkire wamadzimadzi amafooka, komanso pamalo otsetsereka amatsikira kumunsi. Pomaliza musasalaze ngati pansi pa nyumba. Kokani tsache lolimba mopingasa kuti pakhale mizere, chifukwa posalala pakanyowa pamaterera.

Kenako kuthirira. Konkire afunika kukhala wonyowa masiku 7, ndipo mphamvu yake imawerengedwa pa masiku 28. Apa ndi pamene ntchito zaulere zambiri zimafera: gulu lathira konkire Loweruka, lajambulitsa, lapita, Lolemba dzuwa lamuumitsa n'kuyamba kuwaza ming'alu. Musanathire, dziwani dzina la munthu amene adzathirire m'mawa ndi madzulo, mumusiyire masaka kapena pulasitiki yophimbira, ndipo kapitawo adutseko pa tsiku lachitatu.

Thanki ya madzi nayo ili ndi msampha wake. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani 5. Nsanja yake si yowotcherera mongoganizira, ifunika kuwerengeredwa ndi injiniya, ndipo pansi pa thanki ya pulasitiki pakhale pafulati pochirikiza thako lonse. Ngati ndi yokolola madzi a mvula, milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 100 pa mvula ya mamilimita 20 lipereka malita 2,000, kuchotsapo mwina gawo limodzi mwa 5 lotayika. Ikani paipi yotulutsa madzi osefukira kutali ndi maziko. Walira mvula walira matope.

Zotsala za kumalo omangira

Kupereka zotsala n'kwabwino, koma kusakhale njira yotayira zinyalala pakhomo la osauka. Simenti imene yakhala miyezi yoposa 3 imayamba kufooka, ndipo ikakhala ndi zibuma zosaphwanyika ndi zala yatha ntchito. Zitsulo za dzimbiri lopepuka zilibe vuto, koma zimene zikusendeka makoko zachepa mphamvu. Malata akale a mabowo amadontha pabowo lililonse lakale. Mawaya a magetsi ogumula m'nyumba ina musapereke konse. Asibesitosi, kaya ndi wa denga kaya wa mapaipi, sapatsidwa kwa munthu aliyense, chifukwa fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda oopsa patapita zaka zambiri, ndipo ali ndi njira yake yotayira. Zitseko ndi mawindo akale a penti yakalekale akhoza kukhala ndi mtovu, amene ndi poizoni kwa ana. Zidutswa za matabwa othiridwa mankhwala a chiswe zisaperekedwe ngati nkhuni, utsi ndi phulusa lake n'zoopsa.

Musanatulutse chilichonse, onetsetsani kuti ndi chanu. Pamakontilakiti ambiri zipangizo zimene mwini ntchito walipira kale ndi zake, ngakhale zitatsala. Pemphani chilolezo cholembedwa, ndipo chotuluka pageti chikhale ndi chikalata chosainidwa, apo ayi mwatsegula khomo la kuba m'dzina la chifundo.

Pangano lolembedwa, ngakhale palibe malipiro

Masamba 2 ndi okwana. Alembe chimene mudzamanga ndi miyezo yake, chimene simudzachita, zimene eni malo abweretsa ndi tsiku lake, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndi kuti chinthucho chikatha ndi cha ndani. Mzere wa zimene simudzachita ndi umene udzakupulumutseni. Mukangoyamba kukonza zimbudzi wina adzati, poti muli pano kale, tangotipenterani ofesi, ndipo mmisiri wamtima wabwino adzavomera. Kapitawo akhale ndi yankho limodzi: lembani fomu ina, ipite kukomiti.

Lembaninso nthawi imene mudzabwerere kudzakonza zolakwika za kamangidwe, miyezi 6 kapena 12, ndi kusiyanitsa zimenezo ndi zowonongeka pogwiritsa ntchito. Mng'alu wa konkire ndi wanu. Mpopi wothyoledwa ndi ana ndi wawo. Sungani 5 pa 100 ya bajeti ya ntchitoyo kuti mudzakhale ndi chobwerera nacho.

Imbirani a inshulansi. Afunseni momveka ngati inshulansi yanu ikuteteza antchito pamalo amene si a kontilakiti yolipidwa, pa tsiku la Loweruka, komanso anthu ongothandiza amene si antchito anu. Yankho libwere polemba. Munthu akagwa padenga la ntchito yachifundo, fupa limathyoka chimodzimodzi, ndipo mlandu umabwera kwa eni ake onse.

Tsiku la ntchito

Malo a ntchito yaulere ndi oopsa kuposa malo a masiku onse, chifukwa pamakhala anthu osazolowera, chisangalalo chambiri ndi ana oonerera. Pakhale kapitawo mmodzi, wodziwika kwa onse. Mmisiri mmodzi aziyang'anira ongothandiza osaposa 4 kapena 5. Musanagwire chida, sonkhanani mphindi 10, mufotokoze ntchito ya tsikulo, malo oletsedwa, pamene pali bokosi la chithandizo choyamba ndi galimoto yothamangira kuchipatala.

Wosaphunzira ntchito asakwere padenga kapena pa katawala, asagwire galayinda, asayendetse makina. Anyamule, asakanize, apente pansi, athirire. Aliyense wogwira konkire avale magolovesi ndi majombo, chifukwa simenti yonyowa imawotcha khungu pang'onopang'ono, munthu osamva mpaka madzulo. Makwerero aimikidwe kuti pa mamita 4 okwera, tsinde litalikire khoma mita imodzi, ndipo amangidwe pamwamba. Dzenje lakuya kuposa mamita 1.2 musalowemo munthu musanachirikize m'mbali kapena kulisema motsetsereka, ndipo madzulo livundikiridwe. Dzenje la chimbudzi lodzaza madzi a mvula pafupi ndi sukulu ndi ngozi yodikira mwana. Tchingani malo onse ndi mpanda, osati kachingwe.

Tinenepo za antchito anu. Kukhala mwini kampani sikuchotsa kutopa. Munthu amene wagwira masiku 5 kapena 6 padzuwa akauzidwa kuti Loweruka "tonse tikadzipereke", ndipo kapitawo wake akulemba mayina, kumeneko si kudzipereka. Njira yachilungamo ndi kupatsa aliyense tsiku limodzi kapena awiri olipidwa pachaka, oti awagwiritse ntchito ngati afuna. Wokana asafunsidwe chifukwa, ndipo zisaoneke pokweza anthu pantchito. Ntchito yofuna luso, monga magetsi, kuwotcherera kapena denga, igwiridwe m'maola a ntchito ndi amisiri olipidwa, mtengo wake uchoke m'thumba lija.

Mphatso zosaoneka pachithunzi

Nthawi zina chothandiza kwambiri si njerwa. Bungwe laling'ono limene likufuna kupempha ndalama kwina limasowa munthu woliwerengera zipangizo ndi mtengo wake molondola, kapena wokaona ngati kontilakita amene lamulemba akumanga zoona. Maola 10 a munthu wowerengera zipangizo akhoza kulipulumutsa ku chinyengo chachikulu. Koma malangizo a injiniya amamanga mlandu ngakhale aperekedwe mwaulere, choncho alembedwe ndi kusainidwa ndi munthu wovomerezeka.

China ndi kuphunzitsa achinyamata ntchito. Tengani 2 kapena 3 pachaka, osati 20, aliyense akhale ndi mmisiri wake womuphunzitsa, azilandira kangachepe motsatira lamulo, ndipo mugwirizane ndi sukulu ya zaluso kuti pamapeto pakhale satifiketi. Akangokhala okankha wilibala chaka chonse, mwapeza antchito otchipa, simunathandize munthu.

Ndipo musaiwale oyandikana ndi malo amene mukumanga pakontilakiti yolipidwa. Kuthirira msewu kuti fumbi lisalowe m'nyumba za anthu, kuletsa malole kudutsa pa nthawi imene ana akupita kusukulu, kukonza ngalande imene katapila wanu waphwanya, kuika nambala ya foni pageti yoti munthu adandaulirepo: zimenezi ndi udindo, zisalembedwe m'buku la zachifundo. Kampani yopenta sukulu uku ikuthira matope m'makomo a anthu, anthuwo amakumbukira matopewo.

Kupereka, kufotokoza, kukana

Popereka ntchito yotha, yendani ndi eni malo, mulembe zotsala, musainirane. Asiyireni tsamba limodzi lonena zoyenera kuchita: kuchotsa masamba m'magata mvula isanayambe, kutsuka thanki kamodzi pachaka, mtundu wa penti umene mwagwiritsa ntchito, kukula kwa mpopi kuti akagule wofanana. Ikani zipangizo zopezeka mosavuta kumaloko. Mpopi wokongola wosowa sipeya ukathyoka, chimbudzi chonse chimatsekedwa. Pakatha miyezi 6 mmodzi wa komiti akaoneko, osauza anthu kuti akubwera.

Zithunzi jambulani mutapempha, ndipo za ana pokhapokha makolo kapena aphunzitsi avomera. Chikwangwani chikhale chaching'ono. Ngati mwambo wopereka ukudya ndalama zoposa zitsulo zogwirira za njira ija, china chake chalakwika.

Pamsonkhano wa pachaka, komiti ibweretse tsamba limodzi: thumba linali la zingati, ndalama, zipangizo ndi maola zinapita kuti, mapempho anabwera angati, anavomerezedwa angati, ntchito iti inapitirira bajeti ndipo chifukwa chiyani. Zolephera zinenedwe. Amisiri amadziwa kale kuti konkire wa kusukulu kuja anang'aluka, ndipo lipoti likabisa zimenezo sadzakhulupirira manambala enawo. Pomwepo avote ngati gawo la chaka chamawa likhale lomwelo, likwere kapena litsike. Chaka chimene kampani yaluza kapena yachepetsa antchito, kuimitsa ntchito zatsopano zachifundo n'koyenera, bola zimene munalonjeza kale zimalizidwe.

Mapempho ambiri mudzawakana, ndipo kukana kuli ndi kachitidwe kake. Yankhani polemba pasanathe masiku 30, munene chifukwa chenicheni: malo alibe umboni wa umwini, ntchito yaposa thumba lathu, palibe wodzasamala. Ngati akhoza kukonza vutolo n'kudzapemphanso, auzeni mwezi umene komiti idzakhale pansi. Kalatayo isainidwe ndi komiti, osati ndi wantchito amene anabweretsa pempho, chifukwa iyeyo madzulo akubwerera kukakhala pakati pa anthu omwewo.